Kamtengo Kopanda Manambala

Dzina lawo lenileni linatsala m'mapepala a kuntchito. Anthu onse ankawadziwa kuti a Dzazani, chifukwa kwa zaka 31 amenewo ndiwo anali mawu oyamba amene ankamva munthu akatsitsa galasi la galimoto: "Dzazani, bambo." Ankagwira ntchito pamalo omwetsera mafuta a m'mphepete mwa msewu waukulu, pampu yachiwiri kuchokera kukhomo la ofesi, ndipo simenti ya pamenepo inachita kukumbika pang'ono pomwe ankaponda.

Mimba za magalimoto ankazidziwa kuposa yawo. Galimoto ikamakhota kulowa, iwo anali atadziwa kale kuti iyi imamwa malita 45, iyo 60, chilole icho chikhuta pa 200. Ankakondanso kufunsa kuti, "Ulendo wa kuti lero?" Akauzidwa, ankawerengera chamumtima malita opitira ndi obwerera, kenako n'kuyamba kuuyenda ulendowo ali chiimire, paipi ili m'manja. Nthawi zina ankafika mpaka kumapiri, mphepo yozizira n'kuwawomba m'makutu, mpaka wina aimbe huta kumbuyo. Koma eni akewo sanapiteko kulikonse kopitirira kumene njinga yawo yakapalasa inkafika.

Anali munthu wofatsa, koma anali ndi lamulo limodzi limene ngakhale abwana awo analephera kulithyola: mafuta malo ake ndi m'thanki. Ali mnyamata anaona galimoto ikuyaka patsidya pa msewu chifukwa cha zigubu ziwiri zimene mwini wake anaika kumpando wakumbuyo, ndipo fungo la tsiku limenelo silinawachoke m'mphuno. Kuyambira pamenepo, wofuna kuyenda ndi chigubu cha petulo pambali pa anthu ankauzidwa mwaulemu kuti apite pampu ina.

Akazi awo anali telala. Makina awo ankakhala pawindo la pabalaza, ndipo ana atatu a m'nyumbamo anakula akugona ndi phokoso lake. Bambo awo a mayiwa ankagwira ntchito pa boti lonyamula mchenga, ndipo mwana wawo ali wamng'ono anamuuza za malo ena kumtunda kumene mtsinje wodutsa m'tauni yawo umakumana ndi unzake. Kumeneko, ankatero, madzi ofiira ndi madzi akuda amayenda limodzi mtunda wautali osasakanikirana, pakati pali mzere wowongoka ngati msoko. Msewu sufikako. Mayiwa anawafotokozera a Dzazani nkhaniyi ali pa chibwenzi, ndipo a Dzazani, poti mnyamata wofunsira salephera kanthu, anati, "Ndidzakupititsani."

"Pa njinga?" anafunsa mtsikanayo.

Lonjezolo linakalamba nawo limodzi. Linkatuluka kamodzikamodzi, makamaka a Dzazani akaiwala kugula zimene atumidwa. "Musadandaule, mudzagula pobwerera kokumana mitsinje," ankatero mayiwo, osadzutsa mutu pa makina.

Kenako maso a mayi anayamba kuzilala. Poyamba unali ulusi wokana kulowa pasingano. Tsiku lina anasokerera batani lobiriwira pakati pa mabatani akuda, mwini malayawo n'kubwera nawo akuseka, koma mayiwo sanaseke. Adokotala ananena mosabisa kuti vuto lili mkati mwenimweni mwa diso, kuti zimene zapita sizibwerera, ndipo mitundu ya zinthu ndiyo idzayambe kuthawa. Ali m'njira yobwerera kunyumba mayiwo anati dziko akuliona ngati kudzera pa nsalu yopyapyala, ndipo mwezi uliwonse wina akuwonjezerapo nsalu ina. A Dzazani anachita mantha kwambiri, ndipo kanali koyamba kuti lonjezo lija liwalemere.

Chaka chomwecho anapuma pantchito. Anapatsidwa kangachepe kotsanzikira, komanso, mwa nthabwala ya anzawo, chitini chachitsulo choyezera malita asanu chimene ankayesera nacho mapampu. Pasanathe mwezi, munthu amene anali asanapondepo m'boti chibadwire anagula boti.

Analigula kwa mayi wina wamasiye amene mwamuna wake ankanyamulira anthu ndi katundu mumtsinjemo. Linali boti lamatabwa lokalamba, lomangidwa padoko la kuseri kwa malo ocheka matabwa. Penti yake inali itasupuka moti unkaona mitundu itatu ya zaka zosiyana. Injini inali pakati, m'bokosi lathabwa, ndipo ikalira inkatsokomola kaye ngati nkhalamba yodzuka m'mawa. Thanki ya mafuta inali pansi pa matabwa opondapo, chooneka chinali chivindikiro chokha. Kasingano kosonyeza mafuta kanali katagona pa theka, ndipo kugogoda galasi lake sikunakadzutse.

"Thanki imeneyi imalowa malita angati, mayi?" anafunsa a Dzazani.

"Iii, bambo, malemu sankatchula za malita. Ankangoti yadzaza, kapena yachepa."

Anafunsa makaniko wa padokopo, amene anati maboti a mtundu umenewo amabwera ndi thanki ya malita 100. Woyendetsa boti lina anati 60. Wogulitsa zingwe, amene sanafunsidwe n'komwe, anati 150 ndipo analumbira. A Dzazani anawathokoza onse n'kupita kukatenga chitini chawo. Chinthu chimodzi chokha ndicho onse anagwirizana: kokumana mitsinje ndi ulendo wa maola anayi kukwera mtsinje, ndipo kumtundako kulibe pogula mafuta ngakhale dontho.

Makaniko uja anawaphunzitsa kuliza injini ndi kugwira chiwongolero. Atazolowera pang'ono, anachita zimene munthu wa pa pampu aliyense akanachita. Anawonjezera mafuta pa amene analimo mpaka kukamwa kwa thanki, anayendetsa boti kwa ola lathunthu, n'kudzazanso ndi chitini. Panalowa malita 11. Ndiye kuti maola anayi opita ndi anayi obwerera ankafuna malita 88. Nambala imeneyi anailemba ndi choko pa bokosi la injini. Chotsala chinali kudziwa ngati thanki ingasunge zochuluka choncho.

Loweruka lina anabwera ndi akazi awo padoko, tepi yoyezera zovala ili m'khosi mwa mayiwo monga inkakhalira masiku onse. Anazula thabwa limodzi kuti pamwamba pa thanki paoneke. Mayiwo anagwada, n'kufufuza ngodya za chitsulocho ndi zala, n'kutambasula tepi monga ankachitira pa mapewa a munthu. Manambala sankawaonanso, ndiye ankangopana ndi chikhadabo, a Dzazani n'kuwerenga.

"Mulitali 120."

"Ndi wamtali ndithu kasitomala wanuyu."

"Mulifupi 40."

"Koma alibe chiuno."

Kuya kwake anayeza polowetsa waya pakamwa pa thanki mpaka atagunda pansi, ndipo anapeza 20. A Dzazani anachulukitsa manambalawo kawiri, ndi choko, lilime lili panja. Yankho linali malita 96. Anakhala pansi n'kuseka okha. Masana amenewo anamwera tiyi wa m'fulasiki m'botimo lili chimangire, likugwedezeka pang'onopang'ono, ndipo mayiwo anatseka maso n'kumatchula zimene adzavale. M'maganizo, a Dzazani anali atanyamuka kale. Ankaona mabango akutseguka kutsogolo, mbalame zoyera zikudzuka pamchenga, ndi mzere uja ukubwera chapatali.

Koma zaka 31 zinali zitawaphunzitsa kuti nambala ya papepala siyendetsa galimoto. Lolemba anabwereka mgolo wachitsulo, anayamwa paipi mpaka petulo anawalowa m'kamwa, n'kukhuthula zonse zimene zinali m'thanki, kuphatikizapo matope akuda a zaka zambiri. Kenako anayamba kuthira mwatsopano, chitini chimodzichimodzi, akulemba kamzere ka choko pa thabwa chitini chilichonse chikatha. Ankathira mwaulemu, monga ankachitira ndi galimoto ya munthu wamkulu. Ankayembekezera timizere 19. Ali pa chitini chakhumi, atangothira malita atatu, thanki inageya, mafuta n'kuonekera pakamwa.

Malita 48. Anaganiza kuti mwina ndi mpweya watsekereza, ndiye anagwedeza boti, anadikira, anagwedezanso. Mafutawo anangowayang'ana. Anazula matabwa ena awiri n'kugona chamimba kuti asuzumire, ndipo anaona chimene tepi sikanawauza. Pamwamba thankiyo inali yotambalala bwinobwino, koma pansi inali yosongoka motsatira mimba ya boti, ndipo waya wawo uja anagunda pamalo okhawo akuya. Anayeza bokosi pomwe panali theka la bokosi.

Ali chigonere choncho anaona kamtengo kosalala katapanikizika pambali pa thanki. Kanali kakuda ndi mafuta, kali ndi timizere tosemedwa ndi mpeni. Anazindikira kuti ndi koyezera mafuta, ndipo anasangalala, koma atakayang'anitsitsa anakwiya. Panalibe nambala ngakhale imodzi. Timizereto tinali totalikirana mosiyanasiyana, ndipo pambali pa kalikonse panali kachithunzi kootchedwa ndi msomali wamoto. Munthu woyeza mafuta chonchi, anatero mumtima, akanachotsedwa ntchito tsiku loyamba. Anakaponya m'thumba limodzi ndi chipewa chakale ndi kapu ya malata zimene anazipeza pansi pa mpando.

Kwa masiku atatu sananene kanthu kunyumba. Koma munthu amene wakhala nawe zaka zonsezo samafuna maso kuti akuone.

"Bambo, mwasiya kuimba mluzu. Thanki yatani?"

Anawauza. Mayiwo anangosalaza nsalu ya patebulo ndi dzanja. Madzulo mwana wawo wamkazi anaimba foni, ndipo atamva nkhaniyo anati, "Adadi, zovuta n'chiyani? Ingonyamulani zigubu ziwiri."

"Amayi ako sindingawakhazike pambali pa chigubu, injini yotsokomola moto ili pomwepo."

"Ndiye mugule boti lina."

"Iwe gula, ine ndidzadzaza."

Foni itadulidwa mayiwo anati, "Zisiyeni, Bambo. Malowo ndinawaona kale m'mutu, ndipo mwina m'mutumo ndi okongola kuposa enieniwo." Ananena mokoma mtima, ndipo n'chifukwa chake zinawapweteka kwambiri a Dzazani. Sabata imeneyo mayiwo anali atawafunsa ngati thaulo la kubafa linali lofiira kapena lakhofi.

M'mawa mwake anapita kwa mayi wamasiye uja kukabweza chipewa ndi kapu. Anawapeza akuyanika zovala kuseri kwa nyumba. Mayiwo analandira chipewacho n'kuchigwira pachifuwa, koma ataona kamtengo kakusuzumira m'thumba anaseka.

"Mwakapeza kabuku ka malemu."

"Kabuku kopanda manambala, mayi. Timizere take n'tokhotakhota. Sindikudziwa kuti ankawerenga bwanji malita."

"Sankawerenga malita. Ankawerenga malo." Anapukuta manja n'kutenga kamtengoko. "Apa pamwamba ndi padoko, thanki ili yodzaza. Mafuta akatsika kufika apa, ndiye kuti mwafika pa mlatho, simukuona kamlathoka? Apa ndi pa uvuni wa njerwa. Apa pa mkuyu waukulu. Akaviika n'kuona kuti mafuta atsika kuposa malo amene ali, ankadziwa kuti injini ikudwala."

A Dzazani anatsatira chala cha mayiwo mpaka pansi. Kamzere kotsiriza kanali pafupi ndi nsonga, kutangotsala mpata wa zala ziwiri, ndipo pambali pake panali timizere tiwiri tokumana n'kukhala kamodzi.

"Nanga apa?"

"Pokumana mitsinje. Ankapitako kawiri pamwezi kukasiya katundu kwa asodzi."

"Ndi thanki yomweyi? Ndiye ankanyamula zigubu."

"Zigubu za chiyani?"

"Zobwererera, mayi. Munthu akafika uko mafuta atatsala zala ziwiri, abwerera bwanji?"

Mayi wamasiyeyo anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, mwachifundo ndithu. "Bambo, inu mumagwira ntchito kumsewu eti? Msewu umangogona. Mtsinje umayenda. Malemu ankagula mafuta opitira okha. Pobwera ankazimitsa injini n'kukhala kumbuyo ndi nkhafi, kumangowongola. Akanyamuka m'mamawa, dzuwa lisanalowe amakhala atafika. Zala ziwirizo n'zokocheza padoko."

A Dzazani anayang'ananso kamtengo kaja. Moyo wawo wonse ulendo uliwonse ankauwerengera kawiri, kupita ndi kubwera, ndipo anaphunzitsa zimenezi madalaivala osawerengeka. Sizinawabwerere m'mutu ngakhale kamodzi kuti pali njira ina imene imamubweza yokha munthu kwawo. Anachita manyazi, koma manyazi ake anali okoma. Mayiwo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nkhafi yaitali imene inkakhala kuseri kwa chitseko. "Iyi ndi ya boti lomwelo," anatero. "Ine ndimangophera nayo akangaude."

Anayeserera kaye kawiri, kukwera mpaka pa mlatho n'kubwerera ndi nkhafi. Ulendo woyamba boti linafika padoko chammbali, makaniko n'kuseka mpaka kukhala pansi. Wachiwiri linafika bwino.

Ananyamuka Lachitatu kutangocha, nkhungu idakali pamadzi. Mayi anavala diresi lachikasu limene anadzisokera kale maso ali bwino, ndipo anakhala kutsogolo, chipewa atachimanga ndi mpango. Tauni inatsalira pang'onopang'ono, nyumba zikuchepa, mawu a magalimoto akuzimirira. Pa mlatho a Dzazani anaviika kamtengo, ndipo mafuta anali pa kamlatho ndendende. Pa uvuni wa njerwa chimodzimodzi. Anayamba kumulemekeza munthu amene sanamuonepo uja.

Kupitirira apo mtsinje unakhala wawo okha. Mabango anali aatali mbali zonse, ndipo nthawi zina ankatseguka n'kuonetsa munda, mbuzi, kapena mayi wina akuchapa amene ankaimirira n'kuwayang'ana mpaka atapita. A Dzazani ankafuula zimene akuona kuti zipose phokoso la injini, mayi n'kumagwedeza mutu. Mbalame zoyera zija zinalipodi. Dzuwa litakwera, madzi anayamba kunyezimira moti boti linkaoneka ngati silikuyenda, koma magombe ndiwo akubwerera m'mbuyo. Kangapo konse a Dzazani anadzidzimuka poganiza kuti amva huta, n'kupeza kuti m'manja mwawo muli chiwongolero, osati paipi.

Atadutsa mkuyu, mtsinje unakhota n'kutambalala. Kudzanja lamanja kunatulukira mtsinje wina wochokera m'nkhalango, wakuda ndi wodekha, ndipo pamene unkakumana ndi wofiira uja panali mzere. Unali wowongoka kuposa mmene ankauganizira zaka zonsezi. A Dzazani analozetsa boti pa mzerewo, analitembenuza, n'kuzimitsa injini. Bata limene linagwa linali lalikulu moti ankamva madzi akunyambita matabwa.

"Tafika, Mayi," anatero. "Ndi apa."

Mayi anaimika mutu. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anaphimba nkhope ndi dzanja kuti dzuwa lisawathobwe. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ofiirawo ali mbali iti?" anafunsa.

Apa m'pamene a Dzazani anazindikira. Anali atachedwa. Zaka zonse zija, miyezi imene anataya akuyeza ndi kuyezanso, masiku atatu okhala chete aja, zonse zinawabwerera nthawi imodzi. Analoza ndi dzanja, kenako n'kukumbukira kuti kuloza sikuthandiza.

"Kumanja kwanu," anatero pomaliza. "Pepani, Mayi. Ndinakuchedwetsani."

Mayi anakwinya mkono wa diresi, anawerama m'mbali mwa boti n'kuviika dzanja m'madzi mpaka pachigongono. Madzi anali atayamba kale kulitenga botilo, ndipo linkatsetsereka cham'mbali, likudutsa pa mzere uja pang'onopang'ono. Mwadzidzidzi mayiwo anakoka mpweya.

"Apa," anatero. "Azizira. Bwererani pang'ono."

A Dzazani anatenga nkhafi n'kukankha. Boti linabwerera ku madzi ofiira.

"Afunda. Pitaninso uko." Ankayendetsa zala m'madzimo monga ankachitira pofufuza ntchito yawo asanaipereke kwa mwini. "Ndi uwu msoko wake. Ulipodi, Bambo. Bambo anga sanandiuze kuti enawa ndi ozizira."

"Mwina sanawagwirepo."

"Ankangoyang'ana," anatero mayiwo, akumwetulira, misozi ikutsikira pachibwano.

Mzerewo unkapita kumunsi, kumene iwonso ankapita, ndipo a Dzazani anautsatira. Ankakankha nkhafi kamodzi boti n'kulowa m'madzi akuda, kukankhanso n'kubwerera m'ofiira, uku mayi akutchula chapansipansi kuti azizira, afunda, azizira. Palibe dontho la mafuta limene linkapsa, koma mitengo inkadutsa, ndipo kwawo kunkayandikira. Kamtengo kaja kanali pampando, nsonga yake yonyowa zala ziwiri.

"Mukusoka mokhota," anatero mayi patapita nthawi, dzanja lidakali m'madzi.

"Ndine wophunzira kumene."

"Pitirizani choncho. Musafulumire."